Namondwe salowa m'nyumba popanda odi

Akuluakulu adati tsoka silinunkha, koma namondwe ndi tsoka lomwe limanunkha likadali kutali. Asadafike kuno amayamba waoneka pa makina a akatswiri a zanyengo ali pakati pa nyanja ya mchere, ndipo nyumba zoulutsa mawu zimalengeza za ulendo wake kwa masiku angapo. Chovuta n'choti mabanja ambiri amamva chenjezolo uku akupitiriza ntchito zawo, ngati kuti nkhaniyo ndi ya dziko lina.

Namondwe wa Freddy adayamba kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 kufupi ndi dziko la Australia. Adawoloka nyanja yonse ya India, n'kumenya Madagascar, kenaka adalowa mu Mozambique pa 24 Febuluwale. Anthu akuti wapita, iye adabwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina ndipo pa 11 Malichi adalowanso kumtunda kufupi ndi mzinda wa Quelimane. Adakhala masiku 36, ndipo bungwe la World Meteorological Organization lidatsimikiza kuti m'mbiri yolembedwa palibe namondwe wina adakhalitsa chotere.

Pomwe amafika m'chigawo cha kummwera kwa dziko lino, nthambi yoona zanyengo idali itachenjeza kale. Chikhalirecho matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidapeza anthu a ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre ali m'nyumba zawo. Zangati zomwezi zidachitikanso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, pomwe ku Nsanje ndi Chikwawa midzi idamira. Pa 13 Malichi yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti kummwera kwagwa ngozi. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 650,000 adathawa m'makomo mwawo.

Palibe banja lingaimitse namondwe. Koma masiku awiri kapena atatu a pakati pa chenjezo ndi dontho loyamba la mvula ali m'manja mwa banja lililonse, ndipo zambiri zofunika kuchita m'masikuwa sizilira ndalama zochuluka.

Mphepo imafika itatopa, mvula ndiyo imapha

Namondwe amabadwira panyanja ya madzi ofunda, a madigiri pafupifupi 27 kapena kuposera apo. Nthunzi imakwera, mphepo n'kuyamba kuzungulira ngati kamvuluvulu wamkulu wotambalala makilomita mazanamazana. Ku America chimphepo chomwechi amachitcha hurricane, ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon, pomwe m'chigawo chino cha Africa chimadziwika kuti cyclone. Nyengo yake kuno ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Idai adabwera mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Chido mu Disembala 2024 ndipo Jude mu Malichi 2025.

Poti Malawi ali kutali ndi nyanja ya mchere, mphepo imafika itafookako, ngakhale imasasulabe madenga ndi kuzula mitengo. Chomwe chimatha anthu ndi mvula yosakata usana ndi usiku kwa masiku atatu kapena anayi. Nthaka ya m'mapiri ikakhuta madzi imagumuka n'kutsika ndi miyala, zomwe makolo ankati ndi napolo. Anthu a ku Zomba adamuona mu Disembala 1946, ndipo a ku Phalombe mu Malichi 1991 pomwe madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu mazanamazana. Kuchigwa nako, madzi ambiri a kumapiri amakathera mu Ruo ndi Shire, ndiye munthu wa ku Nsanje amatha kumira ndi mvula yomwe idagwa ku Mulanje.

Magetsi sathima okha

Ngakhale banja lomwe nyumba yake ili pamalo abwino silipulumuka ku vuto la magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kampani ya Egenco ili ndi makina ake, ndipo Escom ndiyo imawafikitsa m'makomo. Mtsinjewu ukadzaza umabwera ndi mitengo, zinyalala ndi matope zomwe zimatseka polowera madzi kumakina. Nthawi ya Freddy, Egenco idachita kuzimitsa makina ku Nkula ndi Tedzani poopa kuti angaonongeke.

Ku Kapichira zidali zoposa apa. Namondwe wa Ana adagumula mbali ya damu mu Januwale 2022 ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130. Makinawo sadazungulirenso mpaka mu Epulo 2023, ndipo nthawi yonseyi kuthimathima kwa magetsi kudakhudza ngakhale anthu a ku Mzuzu ndi Karonga komwe namondweyo sadapondeko. Kuonjezera apo, mapolo amagwa, mawaya amaduka, ndipo amisiri okonza sangafike msanga komwe mlatho wakokoloka.

Pa tauni yaing'ono, magetsi akathima chigayo chimaima. Mipopi imauma m'madera omwe madzi amachita kupopedwa ndi makina. Anthu a ku Blantyre amazidziwa bwino izi chifukwa madzi awo ambiri amakwezedwa ndi mapampu a magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire. Nsanja za foni zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo izi zikatha netiweki imasowa. Apa ndalama zomwe zili mu Airtel Money kapena TNM Mpamba zimangokhala manambala, ndipo makina a kubanki nawo amakhala chete. Munthu amatha kugona ndi njala ndalama ali nazo.

N'chifukwa chake banja lomwe lamva chenjezo likuyenera kuyamba ndi kuchigayo mzere usadatalike. Ufa woyera umafuna kuviika mphale ndi kuyanika padzuwa, zomwe sizitheka mvula ikamagwa sabata yathunthu, choncho mgaiwa ndiwo wachangu. Ndiwo zabwino ndi zosachedwa kupsa komanso zosaonongeka msanga monga usipa, matemba, soya ndi mfutso. Nyemba zimasungika, koma zimadya makala ambiri pa nthawi yomwe ogulitsa makala sakutsika kumapiri. Makala ndi nkhuni zilowe pouma, machesi akhale m'botolo lotseka bwino. Mchere, shuga, mafuta ophikira, sopo ndi ufa wa phala la mwana zikhale zokwanira masiku asanu kapena sabata.

Ndalama pang'ono zitapidwe kwa ejenti netiweki ikadalipo, ndipo zikhale zing'onozing'ono chifukwa tsiku la mavuto palibe yemwe amakhala ndi chenji. Mafoni onse atchajidwe, pamodzi ndi power bank ngati ilipo. Foni yakale ya mabatani ija, yomwe ana amaiseka, imasunga moto masiku angapo ndipo zambiri zimakhala ndi tochi ndi wailesi. Manambala a abale, a mfumu, a kuchipatala ndi a kupolisi alembedwe papepala, poti foni ikathima imathima ndi manambala omwe. Nyali ya sola idzazidwe dzuwa likadalipo chifukwa kukachita mitambo masiku anayi imangoti ziii. Wailesi ya mabatire ndiyo imatsala ikuyankhula zina zonse zitaima.

Ludzu pakati pa madzi

Chodabwitsa pa nthawi ya namondwe n'choti madzi amakhala ponseponse koma akumwa kulibe. Zimbudzi zokumba zimadzaza kapena kugwa, ndipo nyansi zimalowa m'zitsime ngakhalenso m'mijigo yomwe yamira. Freddy adafika dziko lino lili kale pa mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi.

Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu mmodzi patsiku, a kumwa, kuphikira ndi kudzisamalira. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likufunika malita 90 patsiku, zomwe ndi zigubu zinayi ndi theka za malita 20. Si mabanja ambiri angasunge madzi otere a masiku atatu, koma nzeru ilipo. Zigubu ndi ndowa zotseka zidzazidwe ndi madzi a pampopi n'kusungidwira kumwa ndi kuphikira basi. Ochapira, kusamba ndi kuthira kuchimbudzi akhale a mvula otchera padenga la malata, atayamba atsuka fumbi ndi zitosi.

Madzi aliwonse okayikitsa awiritsidwe mpaka abwate, kapena athiridwe WaterGuard kaya klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo motsata muyeso, n'kudikira mphindi 30 asadamwedwe. Mapaketi angapo a Thanzi ORS asasowe pakhomo. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo imagwiriziza wotsegula m'mimba pomwe akumutengera kuchipatala.

Odwala matenda a mgonagona asadikire mvula. Yemwe amamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena a TB awerenge mapiritsi ake, ndipo ngati atsala a masiku ochepa apite kuchipatala msewu ukadali bwino. Wobaya jakisoni wa shuga afunsiretu adokotala za kasungidwe kake filiji ikathima. Mayi woyembekezera yemwe masiku ake ayandikira, makamaka wokhala tsidya la mtsinje, apite kuchidikiro nthawi ikadalipo. Mwana sadziwa kuti mlatho wapita.

Zitupa nazo ndi chuma. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, makadi a kubanki ndi mapepala a malo zikulungidwe m'majumbo awiri n'kuikidwa m'chikwama chimodzi chomwe aliyense m'nyumbamo akudziwa pomwe chili. M'chikwama chomwecho mulowe mankhwala, tochi, zovala zosinthira ana, bulangete, neti ndi zofunika za amayi ndi atsikana pa nthawi ya kumwezi.

Denga, ngalande ndi khoma

Ntchito ya panja ndi yofunika kuyamba mvula isadayambe n'komwe, mu Okutobala kapena Novembala. Lata lomwe likugwedera likhomedwe, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe kukhoma ndi waya wolimba. Kusanja miyala ndi njerwa pamwamba pa malata n'kodziika pangozi, chifukwa mphepo ikanyamula denga miyalayo imagwera anthu omwe ali m'kati. Nthambi zolendewera padenga zidulidwe, koma zomwe zayandikira mawaya a magetsi n'zofunika kuitanira a Escom.

Nyumba zambiri zomwe zimagwa ndi za zidina kapena za njerwa zomangira dothi. Khoma lotere limamwa madzi kuchokera pansi komanso mbali yomwe mvula ikuwomba, kenaka limangokhala pansi. Ngalande yozungulira nyumba, yotaya madzi kutali ndi maziko, imathandiza kwambiri, ndipo imangofuna khasu. Pepala la pulasitiki lokutira khoma la kumphepo limathandizanso. Usiku wa mvula, mphasa ndi mabedi zisunthidwe kuchoka kukhoma lomwe lanyowa. Ngalande za m'misewu ndi za kumsika, zomwe zimadzaza ndi majumbo ndi mabotolo, zimafuna anthu a dera lonse, poti madzi akasowa njira safunsa kuti zinyalalazo adataya ndani.

Matumba a chimanga, mbewu ndi feteleza akwezedwe pathandala. Mbuzi ndi ng'ombe zipititsidwe kumtunda, ndipo zisasiyidwe zomangirira kapena zotsekeredwa m'khola lomwe madzi angafikemo.

Kukhala kapena kuchoka

Zonsezi n'zothandiza banja lomwe nyumba yake ili pamalo otetezeka. Kwa omwe ali m'tsinde mwa phiri, m'mphepete mwa mtsinje, m'khwawa kapena m'dambo, ufa ndi tochi sizipulumutsa. Funso lalikulu kwa iwo ndi loti achoka liti ndipo alowera kuti, ndipo yankho lake lipezeke kunja kukadali kowala.

Anthu sakana kusamuka chifukwa cha umbuli ayi. Amaopa akuba, amadandaula ziweto ndi katundu yemwe adamuvutikira zaka zambiri, ndipo amadziwa kuti kumsasa n'kothithikana, m'kalasi imodzi mabanja khumi, zimbudzi zochepa. Ena adasamukapo kale namondwe n'kukhotera kwina, anzawo n'kuwaseka. Zifukwazi n'zomveka, koma pakadafunda padajiwitsa galu. Katundu amagulidwanso.

Njira yapafupi ndi kusamuka pang'onopang'ono. Chenjezo likangomveka, ana, agogo, odwala, aulumali ndi amayi oyembekezera atsogole masana kupita kwa abale a kumtunda, kusukulu kapena kutchalitchi komwe mafumu ndi makomiti oona za ngozi m'mudzi asankha. Katundu wofunika monga makina osokera, wailesi ya kanema ndi mbewu apite nawo. Wamkulu yemwe watsalira kuti ayang'anire pakhomo asagone tulo tofa nato, ndipo akhale wokonzeka kunyamuka chimanjamanja. Banja ligwirizanenso malo okakumana ngati litabalalika, ndipo mwana aliyense wotha kuyankhula adziwe dzina lonse la kholo lake ndi mudzi wake.

Phiri limapereka zizindikiro lisadagumuke. Pansi kapena pakhoma pamaoneka ming'alu yatsopano, mitengo ndi mapolo zimapendekeka, madzi amatumphuka pomwe sipadakhalepo kasupe. Kamtsinje kamasanduka matope mwadzidzidzi, kapena kamaphwa mvula ikugwabe, kusonyeza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo chomwe chatsekacho chiphulika. Pomaliza pamamveka mkokomo ngati wa malole ambiri. Apa sipafunikanso kulongedza. Munthu athawire cham'mbali, kuchoka m'njira ya madzi, osati kutsika ndi khwawa chifukwa matope amathamanga kuposa iye.

Kuchigwa chizindikiro ndi mtsinje womwe. Madera ngati Makhanga m'boma la Nsanje akhala akuzingidwa ndi madzi mpaka kufikako kumatheka pa bwato kapena ndege basi. Wodikira kuti aone madzi pakhonde amapeza njira yothawira itatsekeka kale.

Mvula ili m'kati

Ngozi zina pa nthawiyi zimachokera m'nyumba momwe. Kukazizira anthu amalowetsa mbaula n'kutseka mazenera, osadziwa kuti makala amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka komanso sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka tulo tosadzukanso. Mbaula ikhale pakhonde kapena podutsa mphepo, ndipo isagone m'nyumba. Jenereta nayo ndi chimodzimodzi: malo ake ndi panja, kutali ndi zenera, ndipo kuilumikiza ku mawaya a nyumba mwachisawawa kumatha kubweza magetsi kumapolo n'kupha mmisiri yemwe akukonza. Kandulo ikhale pambale, kutali ndi neti ndi makatani, ndipo izimitsidwe anthu asadagone.

Zipangizo za magetsi zizulidwe kukhoma chifukwa magetsi akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopsereza. Madzi akayamba kulowa m'nyumba, switchi yaikulu izimitsidwe ndi manja ouma munthu ataima pouma. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi, pomwe firiza yodzaza imatha kufika masiku awiri. Ogulitsa nyama, nkhuku ndi nsomba achepetseretu katundu, ndipo pakhomo nyama yomwe yasungunuka iphikidwe kapena kuwambidwa tsiku lomwelo.

Kuwoloka madzi othamanga ndi komwe kumatenga miyoyo ya anthu omwe adapulumuka kale. Madzi a liwiro ongopitirira m'kakolo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika m'mawondo amatha kukokolola galimoto yaing'ono. Pansi pake sipaoneka ngati mlatho ulipo kapena wapita. Wakabaza kapena dalaivala wa minibasi akanena kuti adutsa, wokwera ali ndi ufulu wotsika. Ana asatumidwe kumsika kapena kusukulu tsidya lina, ngakhale mvula itaoneka ngati yakata.

Mauthenga a pa WhatsApp amachuluka nthawi ngati iyi, ena a zithunzi zakale kapena za maiko ena. Odalirika ndi ochokera ku nthambi yoona zanyengo ndi ku Dodma, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe amaulutsidwa pa MBC, Zodiak ndi wailesi za m'madera.

Linda madzi apite

Dzuwa likawala ngozi imakhala isadathe. Makoma onyowa amagwa ngakhale patapita masiku, ndipo phiri lomwe lagumuka kamodzi limatha kugumukanso ndi mvula yochepa. Waya aliyense wogwa pansi atengedwe kuti ali ndi moto, ana atalikire ndipo a Escom adziwitsidwe. Chakudya chomwe chakhudzana ndi madzi osefukira chitayidwe. Zithaphwi zimabweretsa udzudzu, choncho neti ndi yofunika ngakhale kumsasa, ndipo mwana akatentha thupi apite kukayezetsa malungo tsiku lomwelo.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ngozi woyamba kufika ndi mnansi, boma limabwera pambuyo. M'dera lililonse muli agogo okhala okha, munthu wosamva yemwe wailesi siimuthandiza, kapena ana omwe makolo awo ali ku Joni. Anthu agwirizaniretu kuti adzawagogodera ndani, komanso kuti chizindikiro chodzutsira mudzi usiku chidzakhala chiyani, kaya wezulo, ng'oma kapena belu la kutchalitchi. Magulu a banki m'khonde, a mpingo ndi makomiti a msika amakumana kale sabata ndi sabata. Nkhaniyi itapatsidwa theka la ola pa msonkhano umodzi mvula yoyamba isadagwe, aliyense angatuluke akudziwa komwe adzathawire, njira yomwe adzadzere ndi khomo lomwe adzagogode popita.